Mafunso a Owerenga: Ndapemphera, Koma Mtima Ukukana Kukhazikika

Makalata ambiri a mwezi uno akhudza nkhani imodzi: munthu wapemphera, vuto silikuchoka, mtendere sukuoneka. Tasankhapo 7, tawafupikitsa, ndipo mayina tachotsa. Oyankha ndi abusa pamodzi ndi aphungu othandiza anthu ovutika maganizo.

FUNSO: Amuna anga akhala akudwala kwa zaka ziwiri ndipo ntchito inawathera. Ndimapemphera m'mawa ndi madzulo. Afilipi 4:6-7 ndinaloweza pamtima, koma mtendere umene ukunenedwa pamenepo sindinaumvepo. Anzanga a m'kwaya akuti chikhulupiriro changa ndi chochepa. Ndikulakwitsa pati?

YANKHO: Amayi, tiyambe ndi mawu a anzanuwo, chifukwa akukusenzetsani mtolo wina pamwamba pa umene muli nawo kale. Munthu amene wapemphera zaka ziwiri osaona kusintha, nkumapempherabe, sitinganene kuti chikhulupiriro chake ndi chochepa. Paulo yemweyo amene analemba za mtendere wopambana nzeru zonse akuvomera pa 2 Akorinto 1:8 kuti ku Asiya anapsinjika kopitirira mphamvu zake, mpaka anataya chiyembekezo chokhala ndi moyo. Kalata ya kwa Afilipi anailemba ali m'ndende, ndipo pa 2:27 akunena kuti mnzake Epafrodito akanamwalira, iye akanakhala ndi chisoni pamwamba pa chisoni china. Choncho mtendere wa pa mutu 4 ukuchokera kwa munthu amene chisoni chinali chisanamuthere.

Taonaninso chimene vesi 7 ikulonjeza. Ikuti mtendere wa Mulungu udzasunga mtima wanu ndi maganizo anu. Zoti m'chifuwa mudzapepuka kapena misozi idzauma sizikutchulidwa. Ngati mpaka lero mukudzuka, kusamalira odwala, kulera ana, osamutaya Mulungu, pali chimene chikukusungani ngakhale simukuchimva. Ambiri amayeza mtendere ndi mmene thupi likumvera, chonsecho thupi lotopa ndi kudwazika silingamve bwino, mwini wake akhale wopemphera chotani.

Chimene chimavuta kawirikawiri mwa odwazika nthawi yaitali ndi mapemphero aulemu okhaokha. Munthu amagwada nkunena zimene akuganiza kuti Mulungu akufuna kumva, mkwiyo ndi mantha osazitchula, ndipo akadzuka amazipeza zili momwemo. Koma mwa Masalimo 150, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndi madandaulo. Tengani Salimo 13, la mavesi 6 okha, mulitsate mmene likuyendera.

Likuyamba ndi dandaulo. M'mavesi awiri oyamba wopempherayo akufunsa kanayi kuti zimenezi zidzatha liti. Inunso tchulani chinthucho mosabisa: ndatopa kudzuka usiku, ndikuopa umasiye, zikundiwawa kuti ena achira koma awa ayi. Kenako pakubwera pempho lolunjika. "Ambuye tithandizeni" ndi pemphero labwino, koma "Ambuye, ululu uchepe usiku uno agoneko" limakupatsani mpata wozindikira yankho likafika. Pa vesi 5 ndi 6 ndi pamene akunena kuti wadalira chifundo cha Mulungu, ndipo mphamvu yonenera zimenezi akuitenga pa zabwino zimene Mulungu anamuchitira kale. Kuyamika kwa pa Afilipi 4:6 muzikuchita choncho. Palibe akukuuzani kuti muyamike matendawo. Tchulani zinthu ziwiri kapena zitatu zenizeni za tsiku limenelo: adyako pang'ono, mwana wachita bwino kusukulu, winawake anabwera kudzazonda.

Ena amalumphira kumapeto kwa salimo, nkuyamba kuyamika dandaulo lisanatuluke. Kuyamika kotero kumakhala kwa pakamwa, ndipo mtima umadziwa. Ena amangozungulira pa dandaulo mpaka pemphero limasanduka kudzilankhulira. Podziwira pake ndi apa: kodi mukunenabe kuti "Inu Ambuye", kapena mwayamba kunena za Mulungu ngati munthu amene palibe? Masiku ena simudzafika pa vesi 5, ndipo musadziimbe mlandu. Salimo 88 likuthera mumdima popanda chitonthozo chilichonse, koma linasiyidwa m'Baibulo momwemo.

Anzanu a m'kwayawo apatseni ntchito, pajatu mutu umodzi susenza denga. Mukangoti "mundithandize" aliyense adzavomera koma palibe adzabwere. Auzeni tsiku ndi nthawi: "Lachitatu masana mudzakhale ndi odwala maola atatu ndikagoneko." Agalatiya 6:2 amakwaniritsidwa mwa njira imeneyi.

FUNSO: Ndili ndi ngongole zambiri. Masana ndimalimba, koma cha m'ma 2 koloko usiku ndimadzidzimuka, mtima ukugunda, maganizo nkuyamba kuthamanga mpaka kucha. Ndimayesa kupemphera koma pempherolo limangosanduka kuwerengetsa ngongole. Nditani?

YANKHO: Bambo, usiku ubongo wotopa umakulitsa vuto lililonse ndipo suona njira yotulukira. Nchifukwa chake nkhani imene pa 2 koloko imaoneka yosatheka, pa 9 koloko m'mawa imaoneka yovuta chabe. Dziikireni lamulo loti usiku simuweruza nkhani kapena kupanga chiganizo chilichonse.

Ntchito yeniyeni ichitike madzulo, patatsala maola awiri kapena atatu kuti mugone. Patulani mphindi 15. Tengani pepala, mujambule mzere pakati. Kumanzere lembani zimene mungachitepo kanthu mawa, kumanja zimene zili kunja kwa mphamvu zanu. Pa chilichonse cha kumanzere lembani chochita chimodzi chokha ndi nthawi yake, mwachitsanzo kuimbira foni amene munawakongola pa 10 koloko. Za kumanjazo ziwerengeni mokweza pamaso pa Mulungu, chimodzichimodzi, monga 1 Petro 5:7 akunenera za kutaya nkhawa zanu pa iye. Mukatero pindani pepalalo. Ganizo likadzabwera usiku, liuzeni kuti lalembedwa kale ndipo lili ndi nthawi yake. Masiku oyamba sizioneka ngati zikuthandiza. Zipatseni masabata awiri.

Mzere wa pakatiwo ndi wofunika chifukwa anthu amasokoneza mbali ziwirizi. Wina amapempherera zimene anayenera kuchita yekha, wina amalimbana ndi zimene anayenera kusiyira Mulungu. Pa Nehemiya 4:9, adani atawopseza omanga linga la Yerusalemu, anthu anapemphera nkuikanso alonda usana ndi usiku. Pa 2 Mafumu 4, mkazi wamasiye amene wangongole ankafuna kumulanda ana ake awiri anafunsidwa ndi Elisa kuti m'nyumba ali ndi chiyani. Mulungu anachulukitsa mafuta, koma kubwereka mbiya, kugulitsa mafutawo ndi kubweza ngongole zinali ntchito za mayiyo.

Pa ngongolezo chitani izi. Zilembeni zonse pa pepala limodzi: mwini wake, kuchuluka kwake, chiwongoladzanja, tsiku lobweza. Ambiri amaopa kuziphatikiza, koma ngongole yosadziwika kukula kwake imaopsa kuposa yodziwika. Pitani kwa eni ake iwo asanakulondoleni, muwauze ndalama imene mungathedi kupereka mwezi uliwonse, ngakhale ikhale yochepa. Ya chiwongoladzanja chachikulu ndiyo muyambe kuithamangira. Musatenge ngongole yatsopano yokwera mtengo kuti mutseke yakale. Ngati muli pabanja, akazi anu adziwe zonse, chifukwa kubisa kumadya tulo kuposa ngongoleyo. Chenjeraninso ndi aliyense wokuuzani kuti mupereke ndalama kuti Mulungu akufafanizireni ngongole. Munthu wopanikizika ndiye amagwidwa msanga ndi mawu otere, ndipo zimene Petro anauza Simoni wamatsenga pa Machitidwe 8:20 zikuonetsa kuti mphatso ya Mulungu sigulidwa.

Mukadzidzimuka usiku, musayang'ane nthawi kapena kutsegula foni. Kokani mpweya mukuwerenga mpaka 4, muutulutse pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 6, kwa mphindi zisanu. Kutulutsa mpweya motalika kumachepetsa kugunda kwa mtima. Pemphero la nthawi imeneyi likhale lalifupi ndi lokonzedwa kale, monga Salimo 4:8 kapena Salimo 131 la mavesi atatu, popeza pemphero la mawu anuanu limakubwezerani ku masamu aja. Zikatha mphindi ngati 20 tulo osabwera, dzukani, mukhale pamalo a kuwala kochepa mpaka maso alemere. Khofi ndi tiyi musamwe madzulo. Mowa umagonetsa msanga koma umadula tulo pakati pa usiku. M'mawa dzukani nthawi yomweyomweyo ngakhale mwagona pang'ono.

Mana a m'chipululu, pa Eksodo 16, ankatoledwa a tsiku limodzi, ndipo osungidwa ankagwa mphutsi. Yesu akunena zofanana pa Mateyu 6:34. Mphamvu zolipirira ngongole ya mwezi wamawa simungazimve usiku uno, choncho kusazimvako kusakuopseni. Koma kusowa tuloku kukafika masiku atatu pa sabata kwa miyezi itatu, kapena mukuonda, kunjenjemera ndi kutuluka thukuta popanda chifukwa, kaonaneni ndi dokotala. Matenda a chithokomiro amatha kuoneka ngati nkhawa.

FUNSO: Ndapita padera kawiri. Ndisanakwatiwe ndinachita tchimo limene ndinalapa kalekale, koma tsopano ndikuganiza kuti Mulungu akundilanga. Nkhani ya mwana wa Davide amene anamwalira imandibwerera nthawi zonse.

YANKHO: Pepani kwambiri, amayi. Nkhani ya pa 2 Samueli 12 tisailambalale, popeza ndiyo ikukusautsani. Pamenepo Mulungu anatuma mneneri Natani kukanena poyera kwa mfumu imene inalanda mkazi wa mwini nkuphetsa mwamuna wake. Baibulo silikuikapo lamulo loti mwana aliyense wotayika ndi malipiro a tchimo la kholo. Kumene maganizo oterewa afunsidwa mwachindunji, ayankhidwa kuti ayi. Pa Yohane 9 ophunzira anafunsa kuti anachimwa ndani kuti munthu abadwe wosaona, Yesu nkuyankha kuti si iye kapena makolo ake. Pa Luka 13 akutchula anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, ndipo akukana kuti anali ochimwa kuposa anzawo. Anzake a Yobu anakakamira kuti masoka ake ali ndi tchimo kumbuyo kwake, koma pa Yobu 42:7 Mulungu akuwakwiyira chifukwa sananene zoona za iye.

Zoona, machimo ena amakhala ndi zotsatira zooneka: wakuba amamangidwa, wonama anthu amasiya kumukhulupirira. Pamenepo chingwe cholumikiza chochita ndi chotsatira chimaoneka kwa aliyense. Chanuchi mwachilumikiza nokha chifukwa cha ululu, pakuti mtima wosweka umafuna chifukwa, ndipo umalolera kudziimba mlandu kusiyana ndi kukhala wopanda yankho.

Pali njira yosiyanitsira kutsutsa kwa Mzimu Woyera ndi kudzitsutsa kosathandiza. Mzimu amaloza chinthu chimodzi chodziwika, nkukuonetsani chochita: lapani, bwezani, pepesani. Mukachita, nkhaniyo imatha. Kudzitsutsa kumabwereza mlandu umene unatha kale, sikukuuzani chochita, ndipo kumakuthawitsani pamaso pa Mulungu. Tchimo lanu munalapa. 1 Yohane 1:9 ndi Aroma 8:1 akunena za munthu ngati inu, ndipo Salimo 103:10 likuti Mulungu satichitira monga mwa machimo athu. Musalilapenso kachikumi, ngati kuti ulendo woyamba sanamve.

Kumbali ya thupi, pafupifupi theka la mimba zochoka m'miyezi itatu yoyambirira zimachoka chifukwa ma chromosome a mwanayo (tinthu ta m'maselo timene timanyamula chibadwa cha munthu) sanaumbike bwino kuyambira pachiyambi, zimene mayi sangazipangitse kapena kuziletsa. Popeza zachitika kawiri, pemphani kuti akuyezeni. Madokotala amayang'ana zinthu monga shuga, chithokomiro, kaundanidwe ka magazi ndi mmene chiberekero chilili, ndipo zingapo mwa zimenezi zili ndi chithandizo. Amayi ambiri amene apita padera kawiri amadzabereka bwinobwino. Amuna anu nawonso ataya ana awiri. Lirani limodzi.

FUNSO: Ndine mtsogoleri wa achinyamata mumpingo, wa zaka 24. Kwa miyezi inayi sindikusangalala ndi chilichonse, ndipo nthawi zina ndimaona kuti bola kufa. Adokotala andilembera mankhwala, koma ndikuopa kuti kumwa ndi kusonyeza kuti sindikudalira Mulungu.

YANKHO: Achimwene, mankhwalawo imwani, ndipo za maganizo a imfawo muwauze adokotala mosabisa, ngati simunawauze. Muuzenso munthu mmodzi wamkulu amene mumamukhulupirira, lero lomwe. Maganizowo akafika poganiza njira kapena tsiku, musakhale nokha. Pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo mankhwala ambiri, poizoni kapena chilichonse chimene mwachiganizira chisungidwe ndi munthu wina. Mphindi zoopsa kwambiri zimadutsa, ndipo chimene chimapulumutsa ambiri ndi kusakhala ndi chida pafupi pa mphindi zimenezo.

Madokotala amanena kuti ndi matenda a depression pamene kukhumudwa kapena kusasangalala ndi chilichonse kwakhala pafupifupi tsiku lililonse kwa masabata awiri kapena kuposerapo, pamodzi ndi zina monga kusintha kwa tulo ndi chilakolako cha chakudya, kufooka, kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, ndi kudziona wachabechabe. Chizindikiro chomalizachi chimasokoneza Akhristu ambiri, chifukwa chimabwera chitavala mawu achipembedzo: Mulungu wandisiya, ndine wachinyengo, sindiyenera kutsogolera. Mawu amenewo akuchokera ku matendawo.

Werengani 1 Mafumu 19. Eliya, atangopambana pa phiri la Karimeli, anathawira m'chipululu nkupempha kuti afe. Mulungu sanayambe ndi kumudzudzula. Anamusiya agone, mngelo anamupatsa mkate ndi madzi, anagonanso, anadyanso. Kulankhulana kunadza pambuyo pa ulendo wa masiku 40, ku Horebu. Kumeneko Mulungu anakonza maganizo ake olakwika akuti watsala yekha, pomuuza za anthu 7,000 amene sanagwadire Baala, ndipo anamupatsa Elisa woyenda naye. Thupi linayamba kusamalidwa, choonadi ndi mnzake zikubwera pambuyo. Charles Spurgeon, mlaliki wotchuka wa ku London, anavutika ndi matenda a depression kwa zaka zambiri, makamaka kuchokera mu 1856 pamene anthu 7 anafa popondana pa msonkhano umene iye ankalalikira ali ndi zaka 22. Matendawa ankawatchula poyera pa guwa. Mneneri Yesaya, atauza mfumu Hezekiya ikudwala kuti Mulungu wamuwonjezera zaka 15, analamulanso kuti pa chithupsa chake aikepo nkhuyu zouma. Lonjezo ndi mankhwala zinayendera limodzi.

Dziwani mmene mankhwalawa amagwirira ntchito kuti musawasiye panjira. Amatenga masabata awiri mpaka anayi, nthawi zina asanu ndi limodzi, kuti muyambe kuona kusintha, pomwe zovuta zake monga nseru, mutu ndi kusokonekera kwa tulo zimabwera masiku oyambirira nkumachepa. Ambiri amasiyira pamenepa, poganiza kuti akuwawonjezera matenda. Kwa anthu osakwana zaka 25, maganizo odzipha amatha kukula m'masabata oyambawa, choncho wina azikuyang'anirani, ndipo zikatero bwererani kwa adokotala msanga. Mukayamba kupeza bwino, nthawi zambiri amapitirizidwa kwa miyezi ina yosachepera 6. Musawasiye mwadzidzidzi, ngakhale mutapemphereredwa nkumva kuti mwachira. Kuchepetsa kwake kumachitika pang'onopang'ono ndi adokotala. Funsaninso ngati pali phungu woti muzikambirana naye.

Za utsogoleri, pemphani abusa akupeputsireni ntchito kwa miyezi ingapo. Kumapemphero musasiye kupita, ngakhale mukangokhala kumbuyo osaimba.

FUNSO: Kale ndikamapemphera ndinkamva kuti Mulungu ali pafupi. Chiyambireni mavuto anga sindimva kanthu. Kodi wandichokera?

YANKHO: Ayi. Kuuma kotereku okhulupirira akhala akukudziwa kuyambira kale. Makalata a Mother Teresa amene anasindikizidwa mu 2007 anaonetsa kuti anakhala zaka pafupifupi 50 osamva kupezeka kwa Mulungu, uku akupemphera ndi kutumikira osauka tsiku ndi tsiku. Ignatius wa ku Loyola, wansembe wa Katolika wa m'zaka za m'ma 1500, analangiza kuti pa nthawi ya mdima munthu asasinthe zimene anatsimikiza pa nthawi ya kuwala. Langizo limeneli ndi lanzeru. Musasiye mpingo, utumiki kapena pemphero chifukwa cha mmene mukumvera mwezi uno.

Chepetsani muyeso koma musadumphe tsiku. Mphindi 10 pa nthawi yomweyo ndi malo omwewo zimaposa ola lathunthu la apo ndi apo. Mawu anu akatha, bwerekani: Pemphero la Ambuye, Salimo 42, kapena kufuula kwa bambo uja pa Marko 9:24 amene anati akukhulupirira koma athandizidwe kusakhulupirira kwake. Aroma 8:26 akuti pamene sitidziwa chopempha, Mzimu amatipempherera. Ngati kusamva kanthuku kwafikanso pa chakudya, anzanu ndi ntchito, werengani yankho lapamwambali.

FUNSO: Mnzanga wapamtima mwana wake wamwalira pangozi. Ndinamuuza kuti zonse zimachitika ndi cholinga, ndikumuwerengera Aroma 8:28. Kuyambira pamenepo sakuyankha foni yanga. Ndinalakwa?

YANKHO: Vesiyo ndi yoona, koma inafika pa nthawi yolakwika, ndipo mawu amene munaikapo patsogolo si zimene vesiyo ikunena. Aroma 8:28 akuti Mulungu amagwira ntchito m'zinthu zonse kuwachitira ubwino omukonda. Sakunena kuti chinthu chilichonse ndi chabwino, kapena kuti imfa ya mwana inakonzedwa kuti kholo liphunzirepo kanthu. M'makutu a wofedwa, "pali cholinga" amamveka ngati "usalire". Miyambo 25:20 ikuyerekeza woimbira nyimbo munthu wosweka mtima ndi womuvula chovala tsiku lozizira. Yesu, akudziwa kuti Lazaro amuukitsa posachedwa, analira kaye. Anzake a Yobu anachita bwino masiku 7 amene anakhala naye chete, ndipo zinthu zinaipa atatsegula pakamwa.

Mulembereni uthenga waufupi: mukupepesa chifukwa cha mawu aja, mumamukonda, ndipo sakuyenera kuyankha. Musafotokoze chimene munkatanthauza. Kenako chitani zinthu zosafuna kuti iye asankhe kapena kupempha: kutenga ana enawo kusukulu, kuchapa, kumuperekeza kukalemba mapepala. Mawu oti "ukafuna chilichonse undiuze" amamupatsa ntchito munthu amene alibe mphamvu ngakhale yoganiza.

Akayamba kulankhula, mverani. Dzina la mwanayo litchuleni, chifukwa makolo ambiri amaopa kuti aiwalika. Akanena mawu okwiyira Mulungu musathamangire kumuteteza Mulunguyo. Naomi pa Rute 1:20-21 ananena mawu owawa kwambiri, ndipo Rute sanamutsutse, anangokhala naye. Pewani "ndikudziwa mmene ukumvera", "uli ndi ena", "Mulungu amamufuna kwambiri" ndi "limba mtima". 1 Atesalonika 4:13 saletsa kulira, akungoti tisalire ngati opanda chiyembekezo.

Musamuyeze ndi magawo asanu a chisoni amene anthu amawatchula kawirikawiri. Dokotala wa matenda a maganizo Elisabeth Kübler-Ross anawalemba mu 1969 pofotokoza za odwala oyandikira imfa, ndipo ofedwa sawatsata mwa ndondomeko. Chisoni chimapita nkubweranso. Lembani penapake tsiku lobadwa la mwanayo ndi tsiku limene anamwalira, mudzamuyendere pa masiku amenewo, ndiponso pa mwezi wachitatu ndi wachisanu ndi chimodzi, pamene anthu ena onse abwerera ku zochita zawo. Chaka chikatha iye akulepherabe kugwira ntchito kapena kudzisamalira, kapena nthawi ina iliyonse akanena zofuna kumutsatira mwanayo, mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha, ndipo mumuperekeze kukapeza thandizo. Kufunsa sikumuika ganizolo m'mutu.

FUNSO: Amuna anga amandimenya. Mwezi watha anandikanyanga pakhosi. Akuluakulu ena a mpingo akuti ndipirire ndi kudalira Mulungu, pakuti uwu ndi mtanda wanga. Ndikachoka ndiye kuti ndalephera kudalira Mulungu?

YANKHO: Ayi, amayi, ndipo akuluakuluwo akulakwitsa. Kukanyangidwa pakhosi ndi chimodzi mwa zizindikiro zazikulu zoti nkhanza zikhoza kufika pa kupha. Moyo wanu uli pangozi. Kupirira kumene Baibulo limayamikira ndi kwa mavuto amene munthu sangawathawe popanda kukana Khristu. Kumenyedwa m'nyumba sikuli m'gulu limenelo. Davide anathawa mkondo wa Sauli, natulukira pa zenera usiku. Paulo anatsitsidwa mu dengu pa linga la Damasiko, ndipo pa Machitidwe 22:25 anatchula ufulu wake monga nzika ya Roma kuti asakwapulidwe. Yosefe anathawira ku Igupto ndi Mariya ndi mwana. Palibe mmodzi mwa awa amene akutchedwa wosakhulupirira. Amene waswa pangano ndi womenyayo, pakuti Akolose 3:19 ndi Aefeso 5:28-29 akulankhula kwa iye.

Kukhululuka ndi kubwerera ndi nkhani ziwiri. Pa 1 Samueli 24, Sauli analira nkuvomera kulakwa kwake, Davide sanamubwezere choipa, komabe sanapite naye kwawo. Anabwerera kumalo ake obisalako, ndipo patapita nthawi Sauli anayambanso kumusaka. Misozi ndi kupepesa kwa tsiku limodzi si umboni wa kusintha.

Nthawi yochoka ndi masabata otsatira ndiyo yoopsa kwambiri, choncho musawauze kuti mukuchoka, ndipo musawaopseze nazo pokangana. Pitani kuchipatala akakuoneni pakhosipo ngakhale palibe bala looneka, popeza kuvulala kwa mkati kumatha kuonekera patapita masiku, ndipo zimene apeza zilembedwe. Sankhani munthu mmodzi wosunga chinsinsi, mukasungitse kwa iye ziphaso zanu ndi za ana, mankhwala, zovala zochepa ndi kandalama. Gwirizanani mawu achinsinsi oti mukawanena pa foni adziwe kuti aitane thandizo. Mkangano ukayamba, pewani kukhitchini ndi chipinda chopanda potulukira. Kanenani kupolisi kapena ku bungwe lothandiza ochitidwa nkhanza la kufupi ndi kwanu, mufunse za chikalata cha khoti choletsa munthu kukuyandikirani. Uphungu wokhala nonse awiri pamodzi musauvomere panopa, chifukwa zimene munganene pamenepo mukhoza kukazilipira kunyumba. Ngati mukufuna thandizo la mpingo, funani mbusa kapena mayi wachikulire amene funso lake loyamba likhale loti inu ndi ana mugona kuti usiku uno.